Mukafuna kubwerera ku kompyuta yanu yoyamba, yambirani pa READY

Munthu akapukwa kompyuta yake yoyamba, mtima umamutuma kuthamangira pa intaneti kukatsitsa magemu akale mulu wonse nthawi imodzi. Dikirani kaye. Anzanga amene anayamba choncho anathera pamodzimodzi: gemu iyi aitsegula, pakapita mphindi ziwiri aitseka, atsegula ina, pofika madzulo akuti zakale zija zinali zachibwana, timangozikometsa m'mutu. Ine sindivomereza. Magemu ambiri a nthawi imeneyo analidi osalongosoka, koma chimene timapukwa si gemu kwenikweni. Ndi makina aja amene ukawayatsa sankakupatsa kalikonse, ankangokudikira kuti iweyo unene chochita. Ndiye pobwerera, yambirani pamenepo.

Yanga inali Commodore 64 ya malume, ndipo inafika m'manja mwathu itatha kale fasho. Tinkailumikiza ku TV, moti wamkulu aliyense akafuna kuonera zake, ife tinkazula waya. Ukaiyatsa, nthawi yomweyo sikirini yabuluu yabwera, pamwamba palembedwa kuti 64K RAM SYSTEM 38911 BASIC BYTES FREE, m'munsi mwake READY, kenako kabokosi kakang'ono kakuphethira. Panalibe chithunzi choti udine, panalibe mausi. Makinawa anatuluka mu 1982, purosesa yake inali MOS 6510 yothamanga pafupifupi 1 MHz, ndipo memori yake yonse ndi yochepa kuposa chithunzi chimodzi chimene mungajambule lero pa foni. Zambiri zimene ndilembe pano zikhala za makina amenewa chifukwa ndi amene ndimawadziwa mpaka fungo, koma ndikhudzanso ena.

Ngati dzina la kompyuta yanu munaliiwala, maonekedwe ake akukumbutsani. Kakang'ono kakuda, mabatani a labala, pakona pali mizere yamitundumitundu: imeneyo ndi ZX Spectrum ya kampani ya Clive Sinclair, ya 1982, ya 16K kapena 48K. Yokhala ndi mzere wa mabatani ofiira pamwamba pa mabatani akuda ndi BBC Micro ya Acorn, ya 1981. Ngati poyatsa pankabwera chithunzi cha dzanja litagwira disiki, munali ndi Amiga, mwina Amiga 500 ya 1987. Ngati zimene mukukumbuka ndi sikirini yakuda yokhala ndi C:\> pakona, munali pa PC ya DOS, mdzukulu wa IBM PC ya 1981. Sankhani imodzi yokha, imene munaigwiradi ndi manja anu. Zinazo mudzaziona pambuyo ngati alendo.

Yambani ndi emulator, ngakhale makina enieniwo muli nawo

Emulator ndi pulogalamu imene imachititsa kompyuta yanu yamakono kuchita zonse monga makina akalewo, chip ndi chip. Ya Commodore ndi VICE, ndipo mukaitsitsa mutsegule imene yalembedwa x64sc, chifukwa ndiyo imatsanzira mosamala kwambiri. Ya Spectrum ndi Fuse, ya BBC Micro ndi BeebEm, ya Amiga ndi WinUAE kapena FS-UAE, ya Apple II ndi AppleWin, ya DOS ndi DOSBox. Zonsezi n'zaulere. Ngati simukufuna kuika kalikonse pa kompyuta yanu, webusaiti ya Internet Archive ili ndi mapulogalamu akale ambirimbiri amene amayenda mu browser momwemo, koma kumeneko ndi kolawirako chabe, simungasinthe zambiri.

Mukatsegula VICE, musalowetse gemu. Ikani zala pa kiyibodi mulembe izi, ndipo mzere uliwonse ukatha mudine RETURN:

10 PRINT "MONI ";
20 GOTO 10

Kenako lembani RUN. Sikirini idzadza ndi moni wosatha mpaka mutadina RUN/STOP, batani limene pa VICE nthawi zambiri limakhala pa Esc. Pafupifupi aliyense amene anagwirapo makina a nthawi imeneyo analembapo mizere iwiri imeneyi, kawirikawiri ndi dzina lake, nthawi zina ndi mawu onyoza mchimwene wake. Chotsani kachizindikiro ka ; kumapeto kwa mzere 10, muyendetsenso, muone kusiyana kwake. Mawu aja tsopano atsika mumzere umodzi m'malo modzaza sikirini yonse. Umu ndi momwe ambiri a ife tinaphunzirira, kusintha kanthu kamodzi n'kuona chimene chichitike.

Apa kiyibodi ikuvutitsani pang'ono. Pa Commodore 64 chizindikiro cha " chili pa SHIFT ndi 2, osati pamene chili pa makiyibodi ambiri a lero. VICE imakupatsani njira ziwiri. Ya symbolic imatulutsa chizindikiro chimene chalembedwa pa batani lanu. Ya positional imatsata pamene batanilo linali pa makina akale. Ngati munatayipa kwambiri muli mwana, sankhani positional, mudzadabwa kuona zala zikupita zokha pa SHIFT ndi 2 mutu usanaganize. Chinanso chimene chimasokoneza obwerera: mukatsegula " n'kudina batani losunthira kabokosi kaja, sikasuntha, m'malo mwake pamatuluka tizizindikiro tachilendo. Makina sanawonongeke. Akusunga kusunthako ngati gawo la mawu oti adzasindikize. Tsekani " kapena dinani RETURN, zibwerera mwakale.

Mukatero yesani POKE. Lembani POKE 53280,0 ndipo m'mphepete mwa sikirini muda bii. POKE 53281,0 idetsa pakati. Manambala kuyambira 0 mpaka 15 ndi mitundu 16 imene makinawa anali nayo. Chimene mwachita apa n'chachikulu kuposa momwe chikuonekera: mwaika nambala molunjika m'kachipinda ka chip ya zithunzi yotchedwa VIC-II, popanda wina woima pakati kukufunsani ngati muli ndi chilolezo. Pa kompyuta ya lero pali zipupa zambiri pakati pa inu ndi makinawo, ndipo n'zoyenera kutero, koma kukoma kwa makina akale kunali komweku, kuti zonse zinali poyera. Ukaika nambala yolakwika pamalo olakwika makina ankauma gwa, iwe n'kuzimitsa, n'kuyatsanso, READY yabweranso ngati palibe chachitika.

Pulogalamu imene ndimaikonda kuposa zonse ndi ya mzere umodzi:

10 PRINT CHR$(205.5+RND(1)); : GOTO 10

Ikayamba, sikirini imadzaza ndi tinjira tokhotakhota tolukanalukana, tosatha. Chinsinsi chake n'chochepa. Pa Commodore, chizindikiro nambala 205 ndi kamzere kopendekera mbali imodzi, 206 ndi kopendekera mbali inayo. RND(1) imapereka nambala yapakati pa 0 ndi 1, ndiye mukaiphatikiza ndi 205.5 yankho limagwera pa 205 kapena pa 206 mwamwayi. Sinthani 205.5 ikhale 205.2 muone tinjira tija tikuweramira mbali imodzi. Muthera nthawi yaitali pa mzere umenewu kuposa pa magemu khumi.

Chiyankhulo chimenechi ndi BASIC, chimene John Kemeny ndi Thomas Kurtz anapanga ku Dartmouth College mu 1964 kuti ophunzira amene sanali akatswiri a masamu azitha kulankhula ndi kompyuta. N'chifukwa chake mawu ake ndi ochepa: PRINT, INPUT, IF, FOR, GOTO, LIST, RUN, NEW. Magazini a nthawi imeneyo ankasindikiza mapulogalamu athunthu, masamba angapo, kuti owerenga akopere okha. Ife tinkagawana ntchito, mkulu wanga akuwerenga mokweza manambala a m'mizere ya DATA, ine ndikutayipa. Nambala imodzi ikaphonyeka, gemu yonse siyenda, ndipo palibe chokuuza pamene palakwika. Magazini ambiri otere anajambulidwa ndipo ali pa Internet Archive. Pezani pulogalamu yaifupi, ya tsamba limodzi, muitayipe ndi manja. Musachite zokopera ndi kumata. Mukakumana ndi ?SYNTAX ERROR IN 140, lembani LIST 140, kwezani kabokosi kaja kufika pa mzerewo, konzani, dinani RETURN muli pomwepo, makina aulandira mzere watsopanowo.

A Spectrum, inu nkhani yanu ndi ina. Pa 48K simulemba mawu a BASIC chilembo ndi chilembo. Pakakhala K wothwanima, batani limodzi limatulutsa liwu lonse: P ndi PRINT, G ndi GO TO, R ndi RUN, K ndi LIST, J ndi LOAD. Chizindikiro cha " chili pa SYMBOL SHIFT ndi P. Mawu ena anabisika mozama, monga BEEP, amene amafuna mudine ma SHIFT onse awiri kaye, kenako SYMBOL SHIFT ndi Z. Tsegulani chithunzi cha kiyibodi ya Spectrum pambali pamene mukugwira ntchito, apo ayi mutopa msanga. Ubwino wake ndi woti Spectrum imaunika mzere musanausiye, ikapeza cholakwika imaika ? wothwanima pamalopo n'kukana kuulandira.

Musafulumizitse kaseti

Tsopano mukhoza kulowetsa gemu, koma pano ndi pamene ambiri amataya chimene anabwerera. Ma emulator amatha kulowetsa gemu m'kuphethira kwa diso. Zimitsani zimenezo, ngakhale ulendo woyamba wokha. Pa Fuse pitani pa zosankha za media muchotse fastloading ndi kufulumizitsa kwina konse, mutsegule fayilo ya .tzx kapena .tap, mulembe LOAD "" n'kudina ENTER. Kwezani voliyumu. Muyamba kumva kulira kumodzi kosasintha, m'mphepete mwa sikirini muli mizere yofiira ndi yabuluu wowala. Kenako phokoso lisintha, likhala lokanda m'makutu, mizere isanduka yachikasu ndi yabuluu. Phokoso limenelo ndi pulogalamu yeniyeniyo, ziro ndi wani zitasandutsidwa mawu, zikuyenda pafupifupi mabiti 1,500 pa sekondi. Chithunzi cha gemu chimabwera mzere ndi mzere modumphadumpha, chakuda ndi choyera kaye, mitundu n'kuthiridwa pomaliza. Gemu yodzaza 48K imatenga mphindi zinayi kapena zisanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo amene anakulira pa makinawa akudziwa mawu amene ankaswa mtima itatsala pang'ono kutha: R Tape loading error.

Pa Commodore, SHIFT ndi RUN/STOP zimabweretsa PRESS PLAY ON TAPE. Wokhala ndi disk drive ya 1541 ankalemba LOAD"*",8,1 n'kudikira, chifukwa drive imeneyo, ngakhale inali ndi purosesa yakeyake mkati, sinkafika ngakhale theka la kilobayiti pa sekondi popanda pulogalamu yoifulumizitsa. Mu VICE siyani true drive emulation ili yoyaka, ndipo yatsani phokoso la drive ngati mukufuna kumva kugogoda kuja.

Kudikiraku kunali ndi ntchito yake. Gemu imene waidikira mphindi zisanu suisiya chifukwa chakuti wafa kawiri. Umalimbana nayo. Manic Miner ya Matthew Smith, ya 1983, ili ndi zipinda 20, ndipo anthu ankatha milungu asanaone chachisanu. Elite ya David Braben ndi Ian Bell inatuluka pa BBC Micro mu 1984 ndi milalang'amba 8 m'makina a 32K. Magemu otere anapangidwira munthu amene ali ndi makaseti ochepa ndi nthawi yambiri. Ndiye dziikireni lamulo: sabata ino gemu imodzi kapena ziwiri. Za save state, zosunga gemu pamalo alionse kuti mukafa mubwerere pomwepo, ine sindiletsa, tonse takula ndipo ntchito zatichuluka. Koma yambani mwasewerapo popanda zimenezo.

Mawu ochepa pa za chithunzi. Musachitambasule kuti chidzaze sikirini yamakono yotakata, chisiyeni pa 4:3. Yatsani zotsanzira TV yakale ya CRT, ija ya msana waukulu, chifukwa ojambula a nthawiyo ankadalira kusawala bwino kwa TV kuti timadontho tiwiri toyandikana tisakanikirane n'kupanga mtundu wachitatu. Pa sikirini yakuthwa ya lero zithunzi zomwezo zimaoneka zamabokosimabokosi kuposa momwe munkazionera. Onaninso ngati emulator ili pa PAL kapena NTSC, mitundu iwiri ya siginolo ya TV. PAL imajambula ka 50 pa sekondi, NTSC ka 60, ndipo nyimbo ya gemu yopangidwira PAL ikaikidwa pa NTSC imathamanga. Khutu lanu lidziwa kuti china chake chalakwika ngakhale papita zaka zambiri, makamaka pa Commodore 64, imene chip yake ya nyimbo, SID ya Bob Yannes, inali ndi mawu atatu okha koma anthu akuipekerabe nyimbo mpaka lero.

Amene munayambira pa DOS, pangani foda, tinene C:\zakale, muikemo mapulogalamu anu. Mu DOSBox lembani mount c c:\zakale, kenako c: ndipo mwafika kwanu. DIR /P ikuonetsani mafayilo tsamba ndi tsamba, CD ikulowetsani mu foda. Gemu ikamathamanga mopenga dinani Ctrl ndi F11 kuti muchepetse liwiro, ikamakwawa Ctrl ndi F12. Magemu oyambirira ankawerengera nthawi potengera liwiro la purosesa ya 4.77 MHz, n'chifukwa chake makompyuta apambuyo pake anali ndi batani la Turbo. Gemu ikafunsa za sound card, yankhani Sound Blaster, address 220, IRQ 7, DMA 1. DOSBox imakubisirani mavuto a memori ya 640K ndi kulimbana ndi mafayilo a CONFIG.SYS ndi AUTOEXEC.BAT. Ngati mavutowo ndi amene mukuwapukwa, ndipo alipo anthu otero, gwiritsani ntchito 86Box, imene imatsanzira bolodi yonse mpaka kuwerenga memori poyatsa, ndipo DOS mumaika nokha. FreeDOS ndi yaulere. Ngati munali ndi MS-DOS 5.0 ya 1991 mukukumbuka QBasic ndi magemu ake awiri, Gorillas ndi Nibbles, amene ambiri anatsegula kuti aone mkati mwake n'kuyamba kusintha manambala.

Kukalamba kwa pulogalamu sikutanthauza kuti ilibe mwini. Amstrad, imene inagula makompyuta a Sinclair mu 1986, inalola kuti ROM ya Spectrum, pulogalamu yokhazikika m'chip ya makinawo, izigawidwa ndi ma emulator. ROM ya Amiga, Kickstart, imagulitsidwabe kudzera mu Amiga Forever ya Cloanto. Sitolo ya pa intaneti ya GOG imagulitsa magemu ambiri a DOS atakonzedwa kale ndi DOSBox. Palinso anthu amene akulembabe magemu atsopano a makina akalewa, ena n'kumawagawa ulere.

Makina enieni mukawapeza, musawayatse

Ili ndiye gawo limene ndikupemphani muwerenge kawiri. Mwapeza kompyuta ija m'katoni, mwapukuta fumbi, dzanja likuyabwa kuti mulumikize ku magetsi. Kuyatsa makina amene agona zaka 30 musanawaone mkati kuli ngati kudzutsa nkhalamba yodwala n'kuiuza kuti ithamange. Ena amafera pa kuyatsa koyamba kumeneko.

Yambani ndi adaputa ya magetsi. Werengani zolembedwa pamenepo, ngati ndi ya 110V kapena ya 220 mpaka 240V. Ya Commodore 64 ndi yoopsa mwapadera. Imatulutsa 5V DC ndi 9V AC, ndipo zambiri zinathiridwa guluu wolimba wa epoxy mkati moti sizikonzeka. Ikakalamba, 5V ija siitsika, imakwera, n'kuwotcha ma chip a RAM mwakachetechete. Iyezeni ndi multimeter, choyezera magetsi, isanakhudze kompyuta. Ine ndikaona yadutsa 5.2V ndimaiika pambali, ndipo kunena zoona ngakhale itayeza bwino sindiikhulupirira, chifukwa ina imakwera ikatentha. Kugula adaputa yatsopano yopangidwira makinawa ndi chinthu choyamba choyenera kuchita. Spectrum imafuna 9V DC, koma pakati pa pulagi yake ndi negative, mosiyana ndi maadaputa ambiri a masiku ano. Pulagi ikhoza kulowa bwinobwino n'kupsereza makina.

Kenako tsegulani muyang'ane batire. Ma PC a 386 ndi 486 ambiri ali ndi kabatire kooneka ngati kamgolo kowotchereredwa pa bolodi, ndipo Amiga 500 ili nako pa khadi yowonjezera memori ya A501 imene imalowa kunsi. Mabatire amenewa amachucha, madzi ake n'kudya tinjira ta kopa ta pa bolodi. Mukaona zobiriwira kapena zoyera ngati ufa mozungulira, dulani batireyo ndi pulayala nthawi yomweyo, pakani viniga woyera pang'ono ndi kaburashi kuti muphe mphamvu ya madziwo, tsukani ndi isopropyl alcohol, muumitse bwino. Ngakhale isanachuche, ichotseni. Makina ambiri amayaka popanda batire, koma amaiwala tsiku ndi nthawi, ndipo ma PC amaiwalanso zosankha za poyatsa. Ma Macintosh akale nawonso ali ndi batire ya lithium imene ikaphulika imawononga bolodi yonse.

Ma capacitor, tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi, ndi nkhani ina. M'mabokosi a magetsi a BBC Micro ndi Apple II muli aja a RIFA, achikasu oonekera mkati, amene akakalamba amang'aluka. Makina amayaka bwino, pakapita mphindi zingapo phuu, utsi wonunkha wadzaza chipinda. Nthawi zambiri kompyutayo imapulumuka, koma fungolo limakhala masiku. Asintheni musanayatse. Amiga 600 ndi 1200 zili ndi ma capacitor ang'onoang'ono amene amachucha osaoneka. Ngati simunawotchererepo, musaphunzirire pa makina amene mumawakonda, pezani wodziwa. Ndipo monitor kapena TV ya CRT musaitsegule n'komwe. Imasunga magetsi amphamvu kwambiri ngakhale itazulidwa kukhoma.

Potsegula Spectrum, kwezani chivundikiro pang'onopang'ono. Kiyibodi imalumikizidwa ndi timalamba tiwiri tapulasitiki topyapyala timene timauma ndi zaka n'kuthyoka. Mabatani ena akapanda kugwira ntchito, vuto limakhala pamenepo, ndipo membrane yatsopano, pulasitiki ya pansi pa mabatani yokhala ndi timalambato, ikupangidwabe. Gwirani chitsulo kaye musanakhudze ma chip, kuti magetsi a m'thupi mwanu asawaphe.

Zonse zikakhala bwino, vuto lotsatira ndi TV. Makinawa ankatumiza chithunzi kudzera pa waya wa eriyo, ndipo ma TV ambiri atsopano sagwira bwino siginolo imeneyo, ena saiona n'komwe. Commodore 64 ili ndi pulagi yozungulira kumbuyo yotulutsa composite, siginolo ya chithunzi yosadutsa pa eriyo, ndiye mungofuna waya woyenera. Spectrum 48K ilibe, koma kuisintha kuti itulutse composite ndi ntchito yaing'ono kwa wodziwa kuwotcherera. Ngati mungapeze TV yakale ya CRT yogwira ntchito, musaitaye, palibe emulator imene imafikapo.

Pulasitiki ikasanduka yachikasu, anthu amaiyeretsa ndi hydrogen peroxide ndi dzuwa. Ine sindichita. Kawirikawiri chikasucho chimabweranso, nthawi zina pamatsala mawangamawanga, ndipo makina a zaka 40 alibe chifukwa choonekera ngati a dzulo. Sopo, madzi ofunda ndi kaburashi n'zokwanira, mutachotsa kaye bolodi.

Pomaliza, makaseti ndi madisiki anu. Magemu ogulitsidwa pafupifupi onse anasungidwa kale ndi anthu ena. Chimene palibe wina ali nacho ndi kaseti ija yolembedwa ndi bolopeni, mmene muli pulogalamu imene munalemba muli ndi zaka 11, kapena disiki ya makalata a bambo anu. Yambani kupulumutsa zimenezo. Kaseti ijambuleni mu kompyuta ngati fayilo ya WAV pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Audacity, pa 44.1 kHz, popanda zokometsera mawu zilizonse, ndipo musaisandutse MP3 chifukwa imataya tizigawo timene makina amafuna. Mawu akamamveka ogonthera, pali kasikuluwu pambali pa mutu wowerenga tepi, kapotozeni pang'onopang'ono mpaka phokoso limveke lakuthwa. Lamba wa labala wa m'kati mwa choimbira makaseti amatha kusungunuka n'kukhala phala lakuda, muyang'aneni musanaikemo tepi yofunika.

Disiki iliyonse itsekeni kaye kuti isalembedwe. Ya mainchi 3.5 mumatsegula kabowo ka pakona, ya mainchi 5.25 mumamata kampata ka m'mbali, zimayenda mosemphana choncho. Suzumirani pa mbale ya mkatiyo pa kuwala. Mukaona timadontho totuwa, ndi chuku, ndipo disiki yotero ikalowa mu drive imadetsa mutu wowerenga n'kukanda madisiki onse otsatira. Pukutani mutuwo ndi kathonje konyowetsa ndi isopropyl pakati pa disiki ndi disiki. Ma drive a USB otsika mtengo amawerenga madisiki a PC okha, a 1.44 MB ndi ena a 720K. A Amiga sawerenga. Pa amenewo pamafunika kachipangizo ngati Greaseweazle, kamene kamalumikiza drive yakale ku USB n'kujambula maginito a pa disiki momwe alili. Drive ya 1541 imalumikizidwa ku kompyuta yamakono ndi ZoomFloppy. Hard disk yakale ikazungulira, koperani zonse tsiku lomwelo, chifukwa palibe chitsimikizo chakuti mawa idzazunguliranso.

Mukapulumutsa zanu, lekani kutopetsa madisiki akalewo. SD2IEC imalola Commodore kuwerenga pa SD card, divMMC imachita chimodzimodzi pa Spectrum, Gotek yokhala ndi FlashFloppy imalowa m'malo mwa floppy drive pa Amiga ndi PC, ndipo CompactFlash imalowa m'malo mwa hard disk ya IDE. Posunga pulogalamu imene mwalemba lero pa Commodore, kaya pa makina enieni kaya pa disiki yopanda kanthu ya .d64 mu VICE, lembani SAVE"DZINA",8 ndipo mudikire READY ibwere. Kenako mungaone mndandanda wa mafayilo ndi LOAD"$",8 ndi LIST, koma kumbukirani kuti mndandandawo umalowa pamalo pomwe panali pulogalamu yanu mu memori n'kuifufuta. Sungani kaye, muone mndandanda pambuyo.